Mtolankhani Asakhale Tenanti

Mwezi wathawu tidakangana kwambiri ine ndi anzanga atatu pakhonde la nyumba ina pa Kasungu boma, mpaka mmodzi wa ife adadzuka n'kumapita osatsanzika. Nkhani yake idali yotere. Ife anayi takhala tikufuna kuyambitsa kanyuzipepala ka Chichewa kolembera alimi a fodya a kuno kwathu: mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma, mabelo obwezedwa, ngongole za feteleza, ana amene akusoka fodya m'zigafa anzawo ali m'kalasi. Nkhani zolemba zili mbwee, koma m'matumba mwathu mulibe ndi tambala yomwe. Ine ndidasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite chifukwa fizi idavuta, ndipo anzangawo nawonso ndi amphawi anzanga.

Ndiye kudabwera bambo wina wachuma, mwini maesiteti angapo, amene dzina lake sinditchula. Adati: "Ana inu musavutike. Chipinda ndikupatsani kuseri kwa sitolo yanga, kompyuta ilipo, magetsi ndizilipira ndine, kusindikiza kulinso kwa ine. Inu muzingolemba basi. Simulipira kanthu." Anzanga awiri adaomba m'manja. Ine ndidathokoza mwaulemu monga mwana woleredwa, koma ndidakana.

Ndikulemba pano kuti ndifotokoze chifukwa chake, pakuti funso limeneli si la ife anayi tokha ayi. Ndi la Mmalawi aliyense amene ali ndi mawu oti anene: kodi ulankhulire pabwalo la wina limene wakupatsa ulere, kapena udzimangire kakhonde kako ngakhale kakhale kodontha?

Ine ndine mwana wa tenanti. Bambo anga adabwera kuno kuchokera ku Phalombe atakwezedwa pa lole pamodzi ndi mabanja ena. Tsiku lofika zonse zidali zaulere. Lole yaulere, munda waulere, mbewu, makasu, feteleza, chimanga cha phoso, mchere, zonse kapitawo ankangopereka kwinaku akulemba m'kabuku. Chaka chonse banja lonse lili pantchito: kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Fodya akauma, wosankha magiredi adali bwana, woika mtengo adali bwana, wogula adali bwana yemweyo. Kenaka kabuku kaja kankatsegulidwa, ndipo thumba lililonse la chimanga, khasu lililonse, ngakhale lole ija, zonse zinkatuluka ndi mtengo wake. Chaka china bambo ankatsala ndi kangachepe kogulira zovala za ana. Chaka china ankauzidwa kuti ngongole yaposa fodya, choncho akhalenso. Kuchoka sakadatha, chifukwa munda sudali wawo, chigafa sichidali chawo, ndipo fodya amene adalima ndi manja awo sakadatha kupita naye kwa wogula wina.

Akuluakulu akudziwa kuti zimenezi sizidangochitika mwangozi. M'nthawi ya a Ngwazi lamulo la mbewu zapadera silinkalola mlimi wamba wa m'mudzi kulima fodya wa bale. Fodya ameneyu adali wa maesiteti, ndipo maesiteti ambiri akuluakulu m'zigwa zathu zino adali a kampani ya Press ndi a mabwana oyandikana ndi chipani. Mmphawi wofuna kulima bale ankayenera kukalima m'munda wa wina. Lamuloli lidayamba kumasuka kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idaletsa utenanti m'malamulo a ntchito. Zidatenga zaka zonsezi kuti dziko livomereze chinthu chimene mayi aliyense wa pa esiteti ankachidziwa kalekale, choti phoso laulere limabwezedwa ndi thukuta la banja lonse.

Tsono mundiuze, Amalawi anzanga: mtolankhani amene chipinda ndi cha bwana, kompyuta ndi ya bwana, makina osindikizira ndi a bwana, akusiyana pati ndi bambo anga? Tsiku limene tidzalembe kuti ana akusoka fodya pa esiteti ya bwanayo, makinawo adzalira? Bwana sadzatikalipira n'komwe. Adzangoti inki yatha, mubwere sabata ya mawa. Ndipo choopsa kwambiri n'chakuti nkhaniyo sitidzailemba n'komwe, chifukwa munthu amene akudya kwa wina amaphunzira yekha mawu oti asanene, popanda womuuza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Inu amene mudakhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London mukuidziwa nkhaniyi kuposa ine, chifukwa ine ndidabadwa matipate atabwera kale. Kwa zaka makumi atatu Amalawi sadali osadziwa kulemba. Chimene chidasowa ndi makina. Daily Times ndi Malawi News zidali m'manja mwa a Ngwazi kudzera ku Blantyre Print, ndipo wailesi idali imodzi yokha, ya MBC. Wofuna kuti mawu ake amveke ankayenera kudzera pamenepo, ndipo pamenepo pankadutsa nyimbo zotamanda zokhazokha.

Nanga kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idatuluka bwanji? Idatuluka chifukwa mpingo udali ndi makina akeake, kwa ansembe a Montfort ku Balaka. Akadapita nayo kwa osindikiza a boma, bwenzi itathera m'manja mwa apolisi isadafike ndi pa guwa limodzi lomwe. Boma la Kongeresi lidadziwa bwino pamene padali mphamvu. Lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, lidathamangitsa m'dziko Monsignor John Roche, ndipo malo osindikizira a ku Balaka aja adatenthedwa. Palibe amene adakhulupirira kuti motowo udali wangozi.

Chaka chomwecho, a Chakufwa Chihana atamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo, timakalata totsutsa boma tidayamba kuyenda m'matauni. Ambiri a ife timanyadira nkhani ya makina a fakisi ndi a fotokope, ndipo ndi yonyaditsadi. Koma tisaiwale kuti makinawo adali a m'maofesi a eni ake, ndipo apolisi atayamba kusaka, alembi ndi ogwira ntchito m'maofesimo ndiwo adakathera m'zitolokosi. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Malawi Democrat nayo idayamba ndi kusindikizidwa ku Zambia n'kumalowa m'dziko mobisa, chifukwa muno munalibe makina oti aiyerekeze. Pofika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, nyali idawina chifukwa cha zinthu zambiri, koma chimodzi mwa izo chidali chakuti mawu adapeza njira zimene a Kongeresi sadali nazo makiyi.

Mnzanga wina pa mkangano uja adati: "Chabwino, bwanayo timusiye. Tizingolemba pa Facebook, kumeneko n'kwaulere ndipo kulibe bwana." Apa ndiye ndidaseka. Esiteti yaikulu kuposa onse masiku ano ndi imeneyo. Munda amakupatsadi ulere, ndipo anthu ali pamenepo ambirimbiri. Koma amene amasankha kuti nkhani yako ionedwe ndi anthu khumi kapena chikwi ndi mwini wake. Amene amagulitsa malonda pa thukuta lako ndi mwini wake. Akakutsekera, sudziwa ndi khomo lomwe loti ukagogode, ndipo zonse udalemba zaka zisanu pamodzi ndi maina a owerenga ako zimatsalira komweko ngati fodya wa tenanti m'chigafa cha bwana.

Izi si zongopeka. Mu Febuluwale 2021 kampaniyi idakangana ndi boma la Australia pa nkhani ya ndalama, ndipo m'mawa wina anthu a kumeneko adadzuka nkhani za manyuzipepala awo zitachotsedwa pa Facebook kwa masiku angapo. Mu Ogasiti 2023 idachitanso chimodzimodzi ku Canada. Ngati amachita zotere kwa maiko olemera, kanyuzi ka alimi a ku Santhe ndi ku Chamama angakamvere chisoni? Komanso boma likafuna kutseka pakamwa, limapeza anthu onse ataunjikana pakhomo limodzi. Ku Uganda adatseka Facebook mu Januwale 2021, chisankho chili pafupi. Kwa anansi athu ku Zambia, pa tsiku la chisankho, 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zidasiya kugwira ntchito anthu ali pamizere yovotera.

Tsopano ndinene chilungamo, chifukwa anzanga aja si zitsiru. Kudziimira pawekha n'kowawa. Pakati pa 1993 ndi 1994 m'dziko muno mudabadwa manyuzipepala oposa 20, ndipo lero mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi amene adatsala. Ena adafa chifukwa andale amene ankawalipirira adapeza mipando n'kuwataya, umene ndi utenanti womwe uja. Koma ena adali odziimira paokha ndithu, ndipo adafa ndi njala: pepala lokwera mtengo, otsatsa malonda ochepa, owerenga okonda kubwereka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogula pepala ndi inki adamva kuwawa. Kukhala ndi chako sikutanthauzanso kuti boma silingakufikire. Mu 2010 boma lidaletsa maofesi ake kutsatsa malonda mu The Nation, ndipo mu 2022 bungwe la MACRA lidalanda ziphaso za mawailesi angapo ponena kuti sadalipire ndalama za ziphasozo. Walira mvula walira matope. Wofuna munda wake avomere kuti feteleza adzagula yekha, ndipo chaka cha chilala palibe kapitawo womupatsa phoso.

Komabe onani kusiyana kwake. The Nation, imene a Aleke Banda adayambitsa mu 1993, idapirira chiletso chija ndipo idapitiriza kutuluka, chifukwa dzina lidali lake, owerenga adali ake, ndipo panalibe munthu mmodzi amene akadangoti inki yatha. Mlimi wa munda wake akaluza chaka chino, munda umatsala, chaka cha mawa alimanso. Tenanti akakangana ndi bwana amachoka ndi mphasa yokha.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Sindikunena kuti tizithawa chilichonse chaulere. Mlimi wanzeru amapita ku msika umene si wake kukaitanira malonda, koma nkhokwe saimanga pamsika. Tiyeni tipite pa Facebook ndi pa WhatsApp kukakuwa kuti nkhani yatuluka, pakuti anthu ali kumeneko. Wachuma akafuna kutithandiza, agule malo otsatsira malonda ake pa mtengo umene aliyense akulipira, alandire lisiti, nkhani ithere pomwepo. Koma pali zinthu zinayi zimene wolemba sayenera kuzisiya m'manja mwa wina ngakhale atamulonjeza zotani. Choyamba ndi dzina: lilembetsedwe m'maina a eni ake enieni ku National Archives ku Zomba monga lamulo likunenera. Chachiwiri ndi nkhokwe ya zolemba zonse, zakale ndi zatsopano, isungidwe pamalo pamene makiyi ali ndi iwe. Chachitatu ndi mndandanda wa owerenga ndi ogulitsa, ngakhale ukhale m'kope la sukulu. Chachinayi ndi ufulu wosamuka: wosindikiza wako akhale munthu amene umamulipira, kuti akayamba matama unyamule katundu wako upite kwa wina tsiku lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 36, amapereka ufulu kwa atolankhani. Anthu adamangidwa, ena adafera kunja, kuti ndime imeneyo ilembedwe. Koma ndimeyo siigula pepala. Ufulu wolemba umene uli m'buku la malamulo pamene makina onse ali kwa olemera ndi andale ukufanana ndi ufulu wa bambo anga wochoka pa esiteti: palibe amene adawamanga ndi chingwe, koma analibe kopita.

Ife atatu amene tidatsala pakhonde paja tagwirizana kuyamba mochepa. Tizisonkherana mwezi ndi mwezi, masamba anayi okha, kusindikiza kolipira pa kashopu ka fotokope, kugulitsa tokha pa depoti ndi m'misika ya kumidzi. Mwina tidzagwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mnzathu adachoka uja adzatiseka. Koma tikadzamva kuti pa esiteti ina mwana wa zaka khumi akudwala chifukwa chogwira fodya wamuwisi tsiku lonse, tidzalemba osayamba tafunsa kuti esitetiyo ndi ya yani.

Kwa inu owerenga a m'tauni, ndi inu akuluakulu amene mudabwerera kwanu mutavutika kunja, pempho langa ndi limodzi. Mukaona mnyamata kapena mtsikana akugulitsa kanyuzi kotere, gulani, musabwereke kwa mnzanu. Nyuzipepala imene owerenga sailipira imalipiridwa ndi munthu wina, ndipo munthu ameneyo ali ndi kabuku kake.