Pampu ya madzi ikayamba kulira, imitsani galimoto

Sabata yatha mphunzitsi mnzanga adandipatula tikutuluka m'kalasi. "Achimwene, makaniko akuti pampu ya madzi ya galimoto yanga yatha. Kodi sindingayendebe pang'onopang'ono mpaka malipiro atuluke?" Ndidamuyankha kuti ayi, ndipo lero ndati ndifotokoze chifukwa chake, poti phunziro limeneli ndidaliphunzira mowawa pa chitunda cha Thabwa.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee kuno ku Chikwawa. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, adali ndi kagalimoto konyamula anthu kuchoka kwa Nchalo kupita ku Blantyre. Adakagula ndi ndalama za thonje kuphatikizapo ngongole ya banki mkhonde. Pokwera m'mawa umenewo ndidaona zigubu ziwiri za madzi kuseri kwa mpando, pansi pa injini pali ponyowa, ndipo kutsogolo kukumveka kaphokoso ngati chigayo cha kutali.

"Alamu, madziwa ndi a chiyani?"

"Imangomwa pang'ono, alamu. Tikafika pa Thabwa tithira. Yayenda chonchi masabata atatu."

Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndipo tanthauzo la phokoso lija ndinkalidziwa. Koma ndidakhala chete, mwina chifukwa cha ulemu, mwinanso chifukwa ndinkafulumira. Titawoloka Shire tidathiradi madzi n'kuyamba kukwera chitunda, galimoto itadzaza anthu ndi katundu. Muvi wa geji ya kutentha udakwera mpaka pofiira, kenaka udatsikako. Alamu adamwetulira. Pasanathe mphindi zisanu nthunzi idafuka pa boneti, mphamvu zidatha, injini n'kuzima tili pakati pa kona, kumbuyo kukubwera lole.

Makaniko adatiuza pambuyo pake kuti muvi uja udatsika chifukwa madzi adali atatheratu. Kachipangizo koyeza kutentha kamafuna kumira m'madzi. Madzi akatha kamatha kunama. Gasiketi idapsa ndipo mutu wa injini udapindika. Galimoto idakhala ku galaja miyezi inayi, ngongole ikuwerengabe masiku, mpaka mlongo wanga adagulitsa mbuzi zake. Ndalama zokonzera injini zidaposa mtengo wa pampu maulendo angapo. Madzi akatayika saoleka.

Ana a sukulu ndimawauza kuti pampu ya madzi ili ngati mtima. Mafuta akamapsa mu injini pamatuluka kutentha kochuluka, pomwe injini imayenda bwino madzi ake akakhala pa madigiri pafupifupi 90. Pampu ndiyo imakankha madzi kuti azungulire m'njira za mkati mwa injini, atenge kutenthako, akazizire mu rediyeta n'kubwereranso. Ikafooka, ngakhale rediyeta ikhale yodzaza, madziwo amangokhala duu n'kuwira pamalo amodzi. Mitu ya mainjini ambiri a masiku ano ndi ya aluminiyamu, chitsulo chosachedwa kupindika chikatenthedwa mopyola muyeso.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma pampu yokha imaimba. Choyamba ndi kudontha. Pathupi pa pampu pali kabowo kamene opanga adakasiya dala kuti chotsekera cha mkati chikatha madzi azitulukira pamenepo. Mukaona pali ponyowa kapena pali zoyanika zoyera kapena zobiriwira, dziwani kuti yayamba. Chachiwiri ndi phokoso lolira kapena lokhukhuluza, kutanthauza kuti bering'i yatha. Injini ili yozima komanso yozizira, gwedezani kagudumu ka pampu komwe lamba amadutsa. Kakamagwedera, nthawi yatha. Chachitatu ndi muvi wa geji umene umakwera pa chitunda kapena pa mdipiti wa magalimoto m'tauni.

Choopsa n'chakuti pampu siuza munthu tsiku lomwe ifere. Ikhoza kudontha mwezi wathunthu, mawa lake bering'i n'kugwira. M'galimoto zina pampu imazunguliridwa ndi lamba yemweyo amene amayendetsa chotchajira batire ndi chofewetsa chiwongolero, ndiye lamba akavuka kapena kuduka, chiwongolero chimauma m'manja. M'galimoto zinanso pampu ili pa timing belt, ndipo lamba ameneyu akaduka, m'mainjini ambiri mavavu amawombana ndi mapisitoni. Komanso injini ikazima, mabuleki amalimba mukangoponda kawiri kapena katatu. Taganizani zimenezi pa chitunda cha makona ngati cha Thabwa, muli ndi miyoyo ya anthu kumbuyo.

Ndiye kodi palibiretu mpata woyenda? Ulipo umodzi wokha: ulendo waufupi wopita kwa makaniko. Ngati pampu ikungodontha pang'ono, palibe phokoso, ndipo muvi uli pamalo pake, dzazani madzi injini ili yozizira, nyamukani m'mamawa musananyamule munthu kapena katundu, diso lili pa geji. Koma ngati ikulira, ikugwedera kapena madzi akutuluka ngati pa mpopi, itanani makaniko abwere pakhomo kapena galimotoyo ikokedwe.

Ikakutentherani pamsewu, patukani pamalo abwino n'kuzimitsa msanga. Musatsegule chivindikiro cha rediyeta nthawi yomweyo. Chivindikirocho chimapanikiza madzi kuti asawire ngakhale atapyola madigiri 100. Mukachitsegula, madzi amawira kamodzin'kamodzi n'kukuthovukirani kumaso. Dikirani theka la ola kapena kuposerapo. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, pakuti chitsulo chikhoza kung'aluka monga imachitira tambula ya galasi.

Pali nzeru ziwiri za m'misewu zomwe ndikutsutsana nazo. Ena amachotsa thermostat kuti galimoto isamatenthe, koma zimenezi sizichiritsa pampu yakufa. Ena amangothira madzi a pa mjigo chaka chonse. Madzi okhaokha amabweretsa dzimbiri lomwe limadya mapiko a pampu, ndipo a mchere ngati a m'mijigo ina ya kuno kuchigwa amasiya miyala m'rediyeta. Mankhwala osakaniza ndi madzi aja, omwe amakaniko amati coolant, amateteza zimenezi. Ndipo ngati pampu yanu ili pa timing belt, posintha lambayo sinthani ndi pampu yomwe, poti ntchito yomasula ndi imodzi.

Mnzanga uja waimika galimoto yake pansi pa mtengo wa mango, akubwera ku ntchito pa kabaza mpaka mwezi uthe. Ana a sukulu akumuseka. Alamu anga atamva nkhaniyi adangoti, "Muuzeni aziseka nawo. Ine ndidasowa wondiletsa." Mawu amenewo ankanena ine.