Mapu a m'foni akutsata mayendedwe a anthu, koma za milatho yoduka amadalira boma

Pamene kampani ya Google inayamba kulondolera anthu njira ku India kudzera pa mapu ake a pa intaneti, malangizo ake anali ofanana ndi omwe inkapereka ku America: yendani mtunda wakutiwakuti, kenaka mukhotere kumanzere pa msewu wa dzina lakuti. Vuto linali lakuti misewu yambiri m'dzikolo inalibe mayina, ina inali ndi mayina angapo, ndipo dzina lolembedwa m'mabuku a boma nthawi zambiri silinali lomwe anthu ankalidziwa.

Akatswiri a kampaniyi anapita konko kukaona momwe eni dziko amalondolerana njira. Iwo anapeza kuti munthu amatchula kachisi, sitolo yodziwika kapena malo omwetsera mafuta, ndipo satero pongofuna kusonyeza pokhotera ayi. Chizindikiro china chimatchulidwa pofuna kutsimikizira mlendo kuti akadali pa njira yoyenera, china pomuchenjeza kuti akachiona ndiye kuti wapitirira. Mu December 2009 kampaniyi inayamba kuika zizindikiro zotere m'malangizo ake ku India. Aliyense amene analondolerapo mlendo ku Ndirande kapena kwa Chinsapo, n'kumuuza kuti akafika pa chigayo atsetsereke mpaka pa mjigo, sangadabwe ndi zomwe akatswiriwo anapeza.

Chomwe nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti mapu a m'foni sajambula dziko lonse monga liliri. Owakonza amasankha zoti zioneke ndi zoti zisiyidwe, ndipo posankhapo amakhala ali ndi munthu wina wake m'maganizo. Kwa zaka zambiri munthuyo anali woyendetsa galimoto yake pa msewu wa tala, wokhala ndi intaneti nthawi zonse.

Oyenda mwa njira zina analowa mochedwa. M'chaka cha 2015 Google Maps inayamba kulondolera njira ngakhale foni ilibe intaneti, bola mwini wake atasungiratu mapu a deralo. Mu December 2017 anthu a ku India anakhala oyamba kulandira malangizo a njinga zamoto, omwe amaganizira tinjira tachidule tosadutsika ndi galimoto ndiponso amawerengera nthawi potengera liwiro la njingazo. Ku Africa malangizowa anayambira ku Kenya mu October 2018, ndipo mu July 2019 anafika ku Nigeria pamodzi ndi mawu olankhula Chingerezi cha kumeneko, omwe amatchula mayina a malo monga eni ake amatchulira.

Za ku Nairobi n'zofunika kuziona mwapadera, chifukwa kumeneko ntchito sinayambe ndi kampani. Anthu ambiri mumzindawo amayenda pa minibasi zotchedwa matatu, koma mapu oonetsa njira zake zonse panalibe. Ophunzira a pa University of Nairobi, mogwirizana ndi akatswiri a ku Columbia University ndi MIT, anakwera minibasizo atanyamula mafoni, n'kumalemba njira iliyonse ndi siteji iliyonse. Mapu awo, oonetsa njira zoposa 100, anatuluka mu 2014, ndipo chaka chotsatira njirazo zinalowa mu Google Maps. Kampaniyo inangolandira zomwe ena anali atasonkhanitsa kale poyenda ndi kukwera.

Komabe pali zina zomwe munthu amafunitsitsa kuzidziwa zomwe mapu sangazipeze msanga paokha. Mu November 2024 amuna atatu anafa m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India galimoto yawo itagwera mu mtsinje wa Ramganga kuchokera pa mlatho womwe mbali yake inali itakokoloka ndi madzi. Malipoti anati anthuwo ankatsata mapu a m'foni, ndipo pa mlathowo panalibe chotchinga chokwanira. Apolisi anatsegulira mlandu mainjiniya a dipatimenti yoona za ntchito za boma pamodzi ndi mkulu wina wa Google Maps. Kuti mainjiniya a boma anatchulidwa pa mlanduwo sichinali chodabwitsa, pakuti woyamba kudziwa kuti mlatho waduka ndi ofesi yoyang'anira msewuwo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'boma kuno kwathu, komwe mvula yamphamvu imadula misewu pafupifupi chaka chilichonse, monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Chiyambi chilipo kale. Mu 2014 bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team linagwira ntchito ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi komanso dipatimenti ya Surveys pophunzitsa anthu kuika midzi, misewu ndi nyumba za ku Nsanje ndi Chikwawa pa mapu a OpenStreetMap, omwe aliyense ali ndi ufulu wowakonza. Miyezi yochepa pambuyo pake, mu January 2015, madzi osefukira anamiza madera omwewo.

Kuika mudzi pa mapu ndi ntchito ya kamodzi, koma kunena kuti mlatho wakutiwakuti wakokoloka usiku wathawu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Uthenga wotere umafika msanga kwa bwanamkubwa, ku polisi ndi ku Roads Authority, ndipo umalengezedwa pa wailesi. Woyendetsa ambulansi kapena lole ya chimanga amene akudalira foni yake usiku amaulandira pokhapokha wina mu ofesi atapatsidwa udindo woutumiza kwa okonza mapuwo.