Golide Sadyedwa

Mwa masewero amene achinyamata a maiko a kunja amawakonda alipo ena otchedwa Dungeons & Dragons. Adatuluka ku America m'chaka cha 1974, ndipo adawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Osewera amakhala mozungulira tebulo ali ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mmodzi, wotchedwa Dungeon Master, ndiye amasimba nthano ya dziko lopeka la zinjoka, amatsenga ndi mapanga odzaza chuma, pamene enawo aliyense amakhala ngwazi imodzi ya m'nthanomo. Ine maganizo anga ndi akuti wosimba nthano amene salabadira za msika ndi mitengo ya zinthu amawamana anzake gawo lokoma kwambiri la masewerowa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'buku la malamulo la 2014, ndalama imodzi ya golide ndi yofanana ndi ndalama 10 za siliva, kapena 100 za mkuwa. Waganyu amalandira ndalama 2 za siliva patsiku. Mbuzi ndi ya golide 1, ng'ombe ndi ya golide 10, koma chovala chachitsulo chokuta thupi lonse la msilikali ndi cha golide 1,500. Kuti waganyu uja achigule, ayenera kukhetsa thukuta masiku 7,500, ndiye kuti zaka zoposa 20, osagula ngakhale mchere!

Tsono taganizani kuti ngwazi zinayi zapha chinjoka, zasenza matumba a golide n'kukalowa m'kamudzi ka mabanja 40. Wosimba nthano waulesi adzangowatsegulira sitolo yosatha katundu, mitengo ili chimodzimodzi. Koma kodi kubwera kwa golideyo kwachulukitsa nkhuku m'mudzimo? Kodi nkhokwe zadzaza? Iyayi. Chachuluka ndi ndalama basi. Wophika buledi adzakweza mtengo poona kuti alendowo sanenerera, ndipo mai wamasiye amene ali ndi timakobiri take ta mkuwa adzagona ndi njala. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Zoterezi zidachitikapo ndithu pa dziko lathu lino. M'chaka cha 1324, Mansa Musa, mfumu ya ku Mali, popita ku Mecca adagawa golide wambiri mumzinda wa Cairo mpaka golide adatsika mphamvu kumeneko. Nayonso siliva ya ku Potosí, imene idapezeka m'chaka cha 1545, itasefukira ku Spain idathandizira kukweza mitengo ya zinthu ku Ulaya kwa zaka zambiri.

Ena adzati, "Masewero ndi opumulira, musawasandutse phunziro la masamu." Akunena zoona, pakuti palibe amafuna kutha madzulo onse akuwerengera msonkho wa mchere. Komatu wosimba nthano akungofunika kudzifunsa mafunso atatu: chinthu ichi adachipanga ndani, chidadzera njira iti, ndipo chikasowa adzavutike ndani? Achifwamba akatseka mlatho, mchere ukwere mtengo. Wamalonda akabisa tirigu podikira chilala, osewera asankhe okha: agwirizane naye kuti alemere, kapena amutsutse pamaso pa mfumu. Mdani wotere ndi wovuta kuposa chinjoka, chifukwa lupanga lokha silingamugonjetse.

Chinanso chondikhudza n'chakuti m'malamulo oyambirira a masewerowa, ndalama iliyonse ya golide yotengedwa kuphanga inkawonjezera mapointi okweza ngwazi pa udindo. Kunena kwina, munthu ankakula molingana ndi zimene wafunkha. Mpingo umaphunzitsa zosiyana. Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti kugulitsa chinthu mopitirira mtengo wake woyenera n'kusowa chilungamo, ndipo m'chaka cha 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum, adanenetsa kuti wantchito alandire malipiro omukwanira pa moyo wake. Nthano imene waganyu ali ndi dzina ndi ana odyetsa imampatsa wosewera mpata woyesa chikumbumtima chake popanda kupweteka munthu weniweni.

Choncho, anzanga, amene adzasimbe nthano yotere asaiwale mlimi, wosula zitsulo ndi mai wogulitsa mazira. Ngwazi ikamachoka pamudzi, tisamangofunsa kuti yasenza golide wochuluka bwanji. Tizifunsanso kuti buledi yamusiya pa mtengo wanji.