Asokanso yunifolomu ya Msikhi, nanga mtengatenga?

Kunja kuno kuli anthu amene amagula zovala zosokedwa motsanzira za asilikali a ku India a nthawi ya atsamunda: nduwira, jekete, lamba, mabatani onyezimira. Ena amazitsekera m'makabati a galasi, ena amavala n'kumasewera nkhondo zakale Loweruka. Atelala a ku India ndi opeta mabaji a ku Sialkot ku Pakistan akupezerapo ya ndiwo, ndipo iwowo sindikuwanena. Chondinyansa n'chakuti nsalu yositasita bwino imabisa ntchito imene mwini wake ankagwira.

Kwa ife a m'chigwa cha Shire, zovalazi si zachilendo. Mu July 1891 Harry Johnston anafika pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, kudzakhazikitsa boma la Angerezi. Mphamvu zake zinali asilikali pafupifupi 70 amene Kaputeni Cecil Maguire anakawatenga ku India, ambiri mwa iwo Asikhi. Johnston, munthu wokonda zojambula, anawaveka mitundu itatu, wakuda, woyera ndi wachikasu, ati kusonyeza Aafirika, Azungu ndi Amwenye akugwira ntchito limodzi. Limodzi lake liti, wina atanyamula mfuti, wina atasenza bokosi la zipolopolo?

Zoona, asilikaliwa anamenyana ndi mafumu ogulitsa akapolo, kuyambira Chikumbu ku Mulanje mpaka Makanjira kunyanja, kumene Maguire anaphedwa mu December 1891. Zimenezo sindikukana. Koma boma limene mfutizo zinaimika ndilo linadzayamba kutolera msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu, ndipo m'nkhondozo midzi inkatenthedwa. Katundu wambiri wotsika sitima pa doko, njanji ya ku Blantyre isanatsegulidwe mu 1908, ankakwera mapiri pamitu ya amtengatenga, osavala nsapato. Iwowo analibe baji. Palibe wogula amene angaitanitse kansalu kawo ka m'chiuno, n'chifukwa chake m'masewera a anzathuwo amangozimiririka.

Sindikuti tizitenthe zovalazo. Kutsanzira msilikali ifenso timakudziwa: beni ndi malipenga zinatenga yunifolomu ya mtsamunda n'kuivinitsa, mwina momusirira, mwina momuseka. Ndikuti tisoke tokha. Telala wa pa Bangula sangalephere jekete atapatsidwa chithunzi chakale. Nthambi ya boma yosunga zinthu zakale ndi khonsolo ya Nsanje aike chionetsero pa Chiromo pomwepo, ana asukulu azidzaona, koma ndi lamulo limodzi: pambali pa Msikhi wanduwira paime mtengatenga ndi katundu wake pamutu, ndi mayi wonyamula chiphaso cha msonkho. Chikwangwani chilembedwe m'Chimang'anja ndi m'Chisena, Chingerezi chibwere pansi.