Nsomba Zoyasama M'mbandakucha

Mtsinje wa Domasi utsika m'mapiri a Zomba, nupita kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chake anthu ambiri akumba maiwe a nsomba, potsanzira maiwe a boma a pa Domasi, amene anayambidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ntchito imeneyi njabwino, pakuti banja lokhala ndi dziwe silisowa ndiwo. Koma chilipo cholakwa chimodzi chimene chitha nsomba zambiri, ndipo chichokera ku mtima wachifundo.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa litakula mphamvu, mwini dziwe alawira napeza nsomba zake zili pamwamba pa madzi, zonse kukamwa yasa! Iye anena mumtima mwake, "Zili ndi njala," nathira madeya odzaza lichero. M'mawa mwake azipeza zitayandama chagada. Nsombazo sizinali kupempha chakudya ai, zinali kubanika.

Pakuti nsomba ipuma monga munthu, ngakhale ilibe mapapu. Imeza madzi ndi pakamwa niwatulutsira m'mbali mwa mutu, momwe muli makha ofiira odzala ndi mwazi. Makhawo atenga mpweya wosungunuka m'madzi, umene ophunzira autcha okosijeni. Mpweya umenewu ngwochepa ndithu m'madzi: lita imodzi ya mpweya wa kunja ili nawo wochuluka pafupifupi ka 30 kuposa lita ya madzi abwino. Ndiponso madzi akafunda, mpweyawo ucheperachepera. Mwana amene anasungapo matemba m'botolo, nalisiya padzuwa, adziwa kale chimene chichitika. Makha ayamba kugwedezeka msanga, kenaka timatembato tikwera pamwamba, pamene madzi akhudzana ndi mphepo, ndipo pomaliza tigona cham'mbali.

Nanga chifukwa ninji m'mbandakucha? Madzi a dziwe abiriwira ndi ndere zazing'ono zosaoneka bwino ndi maso. Usana, dzuwa likawala, nderezo zipanga mpweya wambiri. Koma usiku zileka kupanga, ndipo zipuma pamodzi ndi nsomba, kulimbirana mpweya womwewo kufikira tambala alira. Tsono madeya otsala ndi ndowe zochuluka zikavunda pansi pa dziwe, tizilombo tovunditsa timaliza kotsalako. Wothira madeya pa nthawi yotere afanana ndi munthu woona mnzake alikutsamwa ndi utsi, nasonkhezera moto.

Si nsomba zonse zivutika mofanana. Mlamba uli ndi chiwalo china m'mutu, chonga kamtengo ka nthambi, chimene upumira nacho mpweya wa kunja. Chotero ukhala moyo ngakhale m'thope. Makumba ndi matemba alibe mwayi umenewo. Nyanja ya Chilwa, imene ili yosaya ndi yopanda mtsinje wotulukamo, inaphwa m'chaka cha 1968 ndiponso cha 1995. Madzi atachepa, natentha, nasanduka thope lamchere, nsomba zosawerengeka zinafa. Zopulumuka zinabisala m'madambo ndi m'mitsinje yonga Domasi ndi Likangala, ndipo ndizo zinadzazanso nyanjayo mvula itabwera.

Ena anena kuti nsomba yosadya siinenepa, ndipo anena zoona. Koma nsomba ikhoza kugona ndi njala masiku angapo osafa, pamene kusowa mpweya kuipha usiku umodzi. Chifukwa chake woweta wanzeru afika padziwe dzuwa lisanatuluke, si masana pamene zonse zioneka bwino. Makamaka atero pambuyo pa masiku a mitambo, pamene ndere sizinapange mpweya wokwanira. Akapeza nsomba zilikuyasama, aleka kuzipatsa madeya ndi kuthira ndowe, natsegula ngalande kuti madzi ozizira a mumtsinje alowe, akugwa pamiyala ndi kuchita thovu. Ngati ngalande yauma, aitana ana, natunga madzi a m'dziwe momwemo ndi ndowa, nawakhuthuliramo kuchokera pamwamba kufikira nsomba zitsikanso pansi.