MWINI WA TIMU AKALANGIDWA, OSEWERA ADZADYA KUTI?

Anzathu anchito a ku Maramba, Libuyu, Linda ndi Dambwa, nkhani yathu lero ndi ya mpira, koma tiyamba ndi ndarama. Tsiku la masewera tiona anyamata khumi ndi mmodzi pa bwalo. Sitiona munthu amene asaina malipiro ao, amene agula mafuta a basi, amene alipira dokotala mnyamata akathyoka mwendo. Ife tinena kuti timu imene idya m'thumba la munthu mmodzi, kapena la kampani imodzi, iri ngati nyumba yoimira pa mzati umodzi. Tsiku limene Boma lidzagwira mwiniyo pakhosi, timu idzatsamwa pamodzi naye, cinkana osewera sanalakwe kanthu.

ZIMENE ZINACITIKA KU CHINGOLA

Nonse mudziwa Nchanga Rangers ya ku Chingola, imene inatenga ligi ya dziko lino m'caka ca 1980 ndi ca 1998. Mudziwanso Konkola Blades ya ku Chililabombwe. Matimu awiriwa ndi ana a mgodi, ndipo amene awadyetsa ndi kampani ya Konkola Copper Mines, imene tonse tiichula KCM.

Tawerengani eni a mgodiwo. Kufikira caka ca 2000 unali wa ZCCM, kampani ya Boma. M'caka cimeneco unagulidwa ndi Anglo American, koma mu 2002 Anglo inanyamula katundu wace nicoka. Mu 2004 inabwera Vedanta, kampani ya a Anil Agarwal a ku India. M'mwezi wa May 2019 Boma la a Edgar Lungu, kupyolera mwa ZCCM-IH imene iri ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a KCM, linapita ku High Court ya ku Lusaka kukapempha kuti kampaniyo ithetsedwe. Boma linati Vedanta inaswa mapangano ace ndipo sinali kulipira bwino msonkho. Vedanta inakana mlanduwo. Khoti linacotsa ulamuliro m'manja mwa Vedanta ndi kuupereka kwa loya wakuti agwire kampani. Mkangano unatenga zaka zisanu. Boma la a Hakainde Hichilema linagwirizana ndi Vedanta mu 2023, ndipo mu 2024 mgodi unabwerera kwa iwo.

Pano sitirikuweruza ngati wolakwa anali Boma kapena Vedanta. Funso lathu ndi ili: pa masinthidwe onsewa, kodi analipo amene anaitana ocemerera a ku Chiwempala kuti awafunse za timu yao? Iai. Timu inali kupita ndi mgodi monga momwe khasu lipitira ndi munda.

Ife amene tinakhalapo pa desiki ya ukalaliki ku mgodi tidziwa m'mene buku la ndarama lilembedwera. Pamwamba pali magetsi, pakuti mapampu akaima mgodi wa Konkola umira m'madzi. Ndipo mu 2020 KCM inakangana kwambiri ndi Copperbelt Energy Corporation pa ngongole ya magetsi omwewo. Pambuyo pace pali malipiro a anchito, msonkho, ndi makontrakita. Mpira uli pansi peni-peni, pamodzi ndi maluwa a pa geti. Ndarama zikacepa, colembera ciyamba kufafaniza kucokera pansi. Munthu woikidwa ndi khoti nchito yace ndi ya ngongole, si ya zikho. Matimu awiriwa akali moyo, ndipo tikondwera. Koma zaka zisanu moyo wao unali kulendewera pa mlandu umene iwo sanapalamule.

Ku Luanshya zinapweteka koposa. Roan United ndiyo inatenga ligi yoyamba ya dziko lino mu 1962. Mgodi wa Luanshya unagulitsidwa kwa a Binani mu 1997, ndipo pofika 2000 kampani yao inagwa ndi ngongole, mgodi nutsekedwa. Tauni yonse inafota, ndi timu yomwe. Nayo Mufulira Wanderers, imene inatenga ligi kasanu ndi kanai, inatsika m'gulu loyamba migodi itagulitsidwa, nikhala zaka zambiri pansi kufikira inakweranso mu 2015.

NGAKHALE KU LONDON

Wina adzati, "Awa ndi mabvuto a dziko losauka." Tsono tamverani za Chelsea, timu imene ambiri a inu mubvala jezi yace ndi kuionera pa TV m'mabala a ku Maramba.

A Roman Abramovich a ku Russia anagula Chelsea mu 2003. Ndi ndarama zao timuyo inatenga ligi ya ku England kasanu, ndi cikho cacikuru ca ku Ulaya kawiri, mu 2012 ndi mu 2021. Pa 24 February 2022 Russia inathira nkhondo Ukraine. Pa 10 March Boma la Britain linaika ziletso pa cuma conse ca a Abramovich, ponena kuti ndi munthu wapafupi ndi a Vladimir Putin. Tsiku lomwelo Chelsea inasanduka katundu wogwidwa.

Boma linailola kusewera, koma ndi cingwe m'khosi. Sinaloledwe kugulitsa matikiti atsopano. Sitolo yace ya majezi inatsekedwa. Sinaloledwe kugula kapena kugulitsa osewera, ngakhale kulemba mapangano atsopano ndi amene inali nao, kotero kuti Antonio Rüdiger ndi Andreas Christensen anacoka popanda timu kulandira kanthu. Pa ulendo wokasewera kwina inauzidwa kuti isapitirire mapaundi 20,000. Kampani ya mafoni ya Three, imene dzina lace linali pa jezi, inaimitsa cipangano cace. Pamwamba pa izi, timuyo inali ndi ngongole ya mapaundi pafupi-fupi 1.5 biliyoni kwa mwini wace yemweyo.

Chelsea inapulumuka cifukwa inapeza wogula msanga. Pa 30 May 2022 gulu la a Todd Boehly ndi Clearlake Capital linaigula ndi mapaundi 2.5 biliyoni, ndi lonjezo la kuikamo mapaundi ena 1.75 biliyoni. A Abramovich anati ngongole ija sadzaifuna. Koma taganizani bwino. Chelsea idziwika dziko lonse lapansi, ndico cifukwa olemera anathamangira kukaigula. Nanga timu ya kwathu ya m'gulu laciwiri, mwini wace akagwa lero, adzabwera ndani kucokera ku America? Ngati ya ku London inagwedezeka comweco m'masabata owerengeka, yathu ingathe m'mwezi umodzi. Akulu anati, ukakwera pamsana pa njobvu usamati kunja kulibe mame.

IFE A KU LIVINGSTONE TIDZIWA

Mau akuti ziletso si acilendo m'tauni ino. Ian Smith atalanda ulamuliro wa Rhodesia pa 11 November 1965, maiko anamuikira ziletso, koma amene anayamba kusowa petulo ndi makolo athu a m'Zambia. Mu January 1973 malire a pa mlatho wathu wa pa Mosi-oa-Tunya anatsekedwa, ndipo malonda a tauni ino anabvulala. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1990, fakitale yomanga galimoto za Fiat ndi mafakitale a nsalu ndi mabulangete anatsekedwa, anthu nakhala pakhomo. Tinaphunzira kuti cilango ca wamkulu ciyamba kuluma wamng'ono, ndiponso kuti kampani ikapita ipita ndi zonse zimene inali kudyetsa.

Sitinena kuti olemera asalangidwe. Munthu akaba msonkho, kapena akathandiza nkhondo, alangidwe ndithu, ndipo asabisale kumbuyo kwa jezi ya timu. Cimene tikana ndi cakuti mnyamata wa pa golo, mai wocapa majezi, ndi wogulitsa vitumbuwa pa geti alipire mlandu wa bwana.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene adzati, "Inu mulankhula za maloto. Mpira wa masiku ano ufuna ndarama zambiri. Kucoka ku Livingstone kukasewera ku Kitwe kapena ku Chipata ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo anyamata afunika kudya ndi kugona. Kodi zopereka za anchito zingagule basi?"

Mau awa ali ndi coonadi, ndipo ife sitikana ndarama za makampani. Mahotela a m'mbali mwa Zambezi apeza phindu m'tauni ino. Abwere, alembe maina ao pa jezi, alipire. Koma pali kusiyana pakati pa mlendo ndi mwini nyumba. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Akacoka, nyumba itsale ndi denga lace.

Njira imeneyi iripo kale. Ku Germany, kuyambira 1998, lamulo la mpira linena kuti mamembala a kalabu ndiwo akhale ndi mavoti oposa theka, kupatula makalabu ocepa amene analeredwa ndi makampani kuyambira kale. Ku Spain, Barcelona ndi Real Madrid ndi za mamembala, ndipo wapampando asankhidwa ndi voti. Pafupi pompa ku Bulawayo, kumene njanji yathu ipita, Highlanders inayamba mu 1926 ndipo kwa zaka zambiri yayendetsedwa ndi mamembala osankha atsogoleri ao. Mu 2021 inalandira thandizo la Sakunda Holdings, kampani imene America inaiikira ziletso mu August 2020 pamodzi ndi mwini wace. Ndarama zotere ziri ndi ngozi yace. Highlanders yaona ngongole ndi mikangano yambiri, sitibisa. Koma dzina la pa jezi likasintha, kalabu itsala ndi anthu a ku Bulawayo.

ZIMENE TIPEMPHA

Coyamba, kalabu iri yonse ya m'tauni ino, kuyambira Livingstone Pirates kufikira timatimu ta m'makomboni, ikhale ndi malamulo olembedwa ndi buku la mamembala, ndipo membala ali yense akhale ndi voti imodzi, kaya ndi bwana kaya ndi mlonda.

Caciwiri, ndarama za kalabu zikhale m'buku lace la ku banki, losainidwa ndi anthu awiri kapena atatu osankhidwa. Zisasakanizidwe ndi za kampani kapena za munthu wothandiza. Khoti likatseka buku la bwana, la timu likhale lotseguka.

Cacitatu, msungi wa cuma awerenge zolowa ndi zotuluka pamaso pa mamembala kamodzi pa caka. Thandizo liri lonse lilembedwe poyera ngati ndi mphatso kapena ngongole. Kumbukirani mapaundi 1.5 biliyoni a Chelsea. Wolemera wina akagwa sadzakhululuka ngongole, ndipo amene amlondola adzabwera kudzatenga basi.

Cacinai, dzina la timu, cizindikiro cace, ndi cipangano ca bwalo losewerapo zilembedwe m'dzina la kalabu.

Cacisanu, a FAZ asalole timu kulowa mu ligi popanda kuonetsa ndarama zosungidwa zokwanira malipiro a osewera a miyezi itatu. Wosewera mpira ndi wanchito monga ife, ali ndi lendi ndi ana a sukulu.

Koma zonsezi ziri cabe ngati ife eni sitipereka. Ambiri a ife tigula jezi ya timu ya ku England, tilipira kuonera masewera ace, tiikanso ndarama pa kubeca, koma pa geti ya Maramba Stadium tifuna kulowa ulele. Tiyerekeze kuti anchito 2,000 a m'tauni ino apereka K20 mwezi uli wonse. Ndiyo K40,000 pa mwezi, K480,000 pa caka. Sizigula cikho, koma zigula mafuta, cakudya ndi nsapato, ndipo zipatsa ife mphamvu ya kuimirira pa msonkhano ndi kufunsa kuti ndarama zapita kuti. Mutu umodzi susenza denga.

Cakudza siciimba ng'oma. A ku Chingola sanadziwe mu April 2019 zimene zidzacitika mu May, ndipo a ku London sanadziwe mu January 2022 zimene zidzacitika mu March. Sabata ino pitani kwa mlembi wa timu yanu. Mfunseni buku la mamembala, lembetsani dzina, perekani, ndipo mufunse tsiku la msonkhano wa caka. Akakuuzani kuti buku kulibe, muitane anzanu a kunchito ndi a m'komboni, mulitsegule inu.