Pa Namadzi si pongodutsa

Mnyamata wina amene ndinakhala naye mpando umodzi mu minibasi ya ku Zomba anandiwawitsa mtima ndi mawu ochepa chabe. Foni yake italira, woimbayo ayenera kuti anamufunsa kuti wafika pati, chifukwa iye anasuzumira pawindo n'kuyankha kuti, "Aaa, tidakali kutchire, penapake pogulitsa tomato." Apo n'kuti titaima pa Namadzi, mlatho uli poteropo, amayi atazinga galimoto ndi mabeseni a mbatata, nzimbe ndi maungu. Kutchire! Pa Namadzi penipeni!

Mwanayo sindikumuda. Anamuuza ndani? Mbiri ya boma lathu la Chiradzulu tinaitsekera m'tsiku limodzi, la 15 Januwale. Tsiku limenelo galimoto zikuluzikulu zimandondozana kupita ku mishoni ya PIM, akuluakulu amayala nkhata, makwaya amaimba, mvula imagwa, anthu n'kubalalika. Mawa lake zii, mpaka chaka chamawa. Musandimve molakwa, John Chilembwe ulemuwo ndi womuyenera. Nkhope yake tikuyenda nayo m'matumba pa K500 ndi pa K2,000, ndipo mu 2022 chiboliboli chake chimene anakonza Samson Kambalu chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London, iye atavala chipewa chimene atsamunda ankaletsa munthu wakuda kuvala pamaso pa mzungu. Zonsezo n'zabwino. Koma Chiradzulu si munthu mmodzi. Timisika tathu ta m'mbali mwa mitsinje, midzi ya m'mphepete mwa Namadzi, Mwanje, Mombezi ndi Mbombwe, pena paliponse pali nkhani yake, ndipo nkhanizo sizimveka mu Januwale, anthu ali kalikiliki ndi kupalira ndi kuthira feteleza, m'nyumba muli njala.

Nyengo yake ndi ino ya masika. Aliyense amene anakulira kuno akudziwa zimene ndikunena. Mvula yakata, thambo layera, phiri la Chiradzulu likuoneka mwala uliwonse. Mitsinje imene mu Febuluwale inali yofiira ndi matope tsopano yatsika, madzi ake ayera, miyala yochapirapo yatulukira. M'minda mapesi auma, koma pakati pake nandolo waima chiriri, wobiriwira, akudikira nthawi yake. Ana akhuta, akuyenda ndi nzimbe kumanja. M'madimba anthu ayamba kugalauza kuti abzale tomato ndi mpiru. Ndipo chachikulu kwa ine n'chakuti anthu akhala pansi. Chimanga chafika pakhomo, mphasa ayala pakhonde, banja lonse lazungulira mulu n'kumatonola. Manja ali pa ntchito, pakamwa pali mpata. Agogo amene chaka chonse amangoti "zinali kale zimenezo" nthawi ino amamasuka, chitsononkho chili m'manja, n'kuyamba kutchula mayina a anthu ndi malo amene sunawamvepo.

Tiyeni tiyambire pa Namadzi pomwepo. Mukatsata mtsinjewo kulowera kummawa mufika pa Magomero. Mu Julaye 1861, David Livingstone anafika kumeneko ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA. M'njira, pamudzi wa Mbame, anali atamasula akapolo 84 m'magoli, ndipo anthu amenewo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, ndiwo anakhala mpingo woyamba wa bishopuyo. Mfumu ya Amang'anja, Chigunda, inawapatsa malo pamene mtsinje unakhota mwakuti unatsala pang'ono kuzungulira mudzi wonse. Iwo anaona kuti ndi malo abwino odzitetezera pa nkhondo imene inalipo pakati pa Amang'anja ndi Ayao, namanga mpanda mbali yotsalayo. Koma anthu atachuluka m'kamalo kopanikizika, zonyansa zinalowa m'madzi omwewo amene ankamwa, kamwazi n'kuyamba kupulula anthu. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire. Mnzake Henry Burrup anabwerera ali wodwala nadzamwalira pa Magomero mwezi wotsatira, ndipo anaikidwa pomwepo. Pofika masika a chaka chimenecho, otsalawo ananyamula katundu n'kutsikira kwa Chibisa ku Chikwawa. Mishoni yoyamba ya Chikhristu m'dziko muno sinakwanitse ngakhale chaka pamalopo, koma inayambira pa mtsinje wa Namadzi. Ndiye munthu azitcha pamenepo kutchire?

Komatu nkhani imene imandikhudza kwambiri si ya azungu a mishoniwo ayi. Ndi ya anthu amene anadzalima m'zigwa zimenezi pambuyo pake. Dera lonse la Magomero linadzakhala esiteti ya banja la Bruce. Alexander Low Bruce anali mkamwini wa David Livingstone, anakwatira mwana wake Agnes, ndipo malowo anadzagwera ana ake. Woyang'anira anali William Jervis Livingstone, amene anthu akuno ankangomutchula kuti Listonia. Ankalima thonje, kenako fodya. Antchito anawapeza kuti? Nthawi imeneyo Alomwe anali kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho, ukapolo wa Apwitikizi ndi njala. Anafika opanda malo, ndipo eni esiteti anawalandira ndi manja awiri: khalani, limani, koma mudzathangata. Mwezi umodzi wa lendi, mwezi wina wa msonkho. Mweziwo unkatalika monga afunira kapitawo, chifukwa tsiku limene sunamalize ndime yako silinkalembedwa pa tikiti. Ngakhale amayi amasiye sankawasiya.

Apa ndi pamene masika amalowera m'nkhaniyi. Thangata ankamufuna kwambiri nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa munthu mwini umafuna khasu. Bambo ali ku thonje la mzungu, munda wake ukumera tchire. Pofika Epulo ndi Meyi, pamene ena akumanga nkhokwe zatsopano, iye akukolola zosadzaza ndi dengu lomwe. Ululu wa thangata unkaonekera pokolola. N'chifukwa chake mpaka lero nkhalamba zina zikaona nkhokwe yodzaza sizithokoza mvula yokha, zimatinso, "koma ndiye talimira m'mimba mwathu." Mwana wa lero akamva mawu amenewo samvetsa kuti akuchokera kuti. Akaona agogo akuphika kalongonda tsiku lathunthu, kutaya madzi n'kuthira ena, amangoseka kuti ndi chakudya cha Alomwe, osafunsa kuti mbewuyo inafika bwanji kuno, ananyamula ndani, anawolokera pati, anayamba kugona pamudzi wa yani.

Za 1915 ndidutsapo msanga poti mumazimva chaka ndi chaka. Usiku wa pa 23 Januwale anthu a Chilembwe anapha Listonia ndi Duncan MacCormick pa Magomero, ena anakapha Robert Ferguson ku Mwanje. Patapita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi inatenthedwa. Asilikali a boma anaphwasula tchalitchi chachikulu cha njerwa cha PIM pa Mbombwe ndi mabomba, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje. Zimene sitimva n'zakuti zitatha izi midzi inatenthedwa, anthu ananyongedwa, ena anakwapulidwa, ena anathawira ku Mozambique osabwereranso. Mabanja amenewo alipo. Adzukulu awo akugulitsa kabichi pa Mbulumbuzi ndi pa Njuli. Ndani anawafunsapo kuti agogo awo anabisala kuti, anadya chiyani chaka chimenecho, chimanga chili m'munda chosakhwima? Sitimvanso kawirikawiri za Dr. Daniel Malekebu, amene anakaphunzira udokotala ku America nabwerera mu 1926 kudzatsegulanso PIM itakhala yotseka zaka zoposa khumi. Popanda iyeyo, galimoto za pa 15 Januwale zikanapeza bwinja.

Munthu wina wa kunja, Landeg White, anachita zimene ife tikulephera. Anapita ku Magomero, anakhala pansi ndi anthu a m'mudzi, anafufuzanso m'makalata akale, ndipo mu 1987 anatulutsa buku lofotokoza mbiri ya mudziwo kuyambira nthawi ya Chigunda mpaka m'zaka za m'ma 1980. Ndi buku labwino ndithu, ndipo chimene ndimalikondera n'chakuti amayi olima ndi osinja ali pakati pa nkhani, osati kumbali. Koma linalembedwa m'Chingerezi, linasindikizidwa ku Cambridge, ndipo likunena za mudzi umodzi. Nanga Namitambo? Nanga Thumbwe, Milepa, Ndunde? Msika uliwonse mwa imeneyi unayamba ndi munthu wina amene anaika thebulo pansi pa mtengo, kapena Mmwenye amene anamanga sitolo pamphambano. Ngakhale nkhuku zakuda zija, zimene dziko lonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa limazitcha za Mikolongwe, dzinalo zinalitengera pa famu ya boma ya ku Mikolongwe kuno kwathu. Imeneyonso ndi mbiri. Sikuti mbiri ndi nkhondo ndi mabishopu okha.

Ena anena kuti nkhani zakale sizidyedwa, anthu akufuna feteleza ndi msika wa nandolo. Ndikuvomera kuti mimba ndiyo iyamba. Koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mwambi umenewu ife a ku Chiradzulu tinauona ndi maso mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika, phiri linagumuka n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe, anthu n'kutayika pamodzi ndi nyumba zawo. M'madera ambiri timitsinje timene ana ankalumpha ndi mwendo umodzi tinasanduka zigwa zodzaza miyala. Funsani nkhalamba za m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri. Zimadziwa pamene madzi anadutsapo kale, zimadziwa malo amene makolo ankakana kumangapo nyumba ngakhale nthaka yake ili yachonde, zimakumbukira napolo wa ku Zomba wa mu 1946 ndi wa ku Phalombe wa mu 1991 monga anazimvera kwa amene anaona. Boma lathu ndi laling'ono ndipo anthu tachulukana, choncho kamalo kalikonse kopanda nyumba timakayang'ana ndi diso la njala. Tikugawana minda mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tikudula bango ndi mikuyu imene inkagwira gombe, tikukumba mchenga pansi pa milatho. Amene akanatiuza kuti "apa m'pa njira ya madzi" tikuwaika m'manda mmodzimmodzi osawafunsa kanthu. Pamaliro timayamikira kuti anali nkhokwe ya nzeru, chikhalirecho ali moyo tinkawapatsa moni wokha.

Ndiye pempho langa likupita kwa aphunzitsi, makamaka a Sitandade 6 ndi 7 ndi a m'masekondale oyendera. Ndikudziwa kuti muli ndi silabasi yoti mumalize, ndikudziwanso kuti kalasi imodzi ili ndi ana ochuluka kuposa mabenchi. Koma ntchito imene ndikunenayi safuna ndalama. Lachisanu lina teremu ino, muuzeni mwana aliyense kuti akamakatonola chimanga madzulo, akafunse munthu wamkulu kuposa onse pakhomopo mafunso ochepa. Banja lathu linachokera kuti, ndipo linafika liti pamudzi uno? Ndani anatipatsa malo? Msika wathuwu unayamba bwanji, sitolo yoyamba inali ya yani? Mtsinje wathu unasefukirapo chaka chiti, madzi anafika pati? Pa njala ya 1949 anthu anadya chiyani, anathawira kuti? Amene ali ndi foni yojambula mawu ajambule, amene alibe alembe m'kope. Agogo akayankha m'Chilomwe kapena m'Chiyao, mwanayo alembe momwemo, kumasulira kudzabwera pambuyo.

Mafumu nawonso musakhale kutali. A Kadewere, a Mpama, a Nkalo, a Chitera, a Likoswe, milandu ya malire a minda imene imakutherani masiku pabwalo, yambiri gwero lake lili m'nthawi imene maesiteti ankagulidwa ndi boma n'kugawidwa kwa anthu. Amene anaona mapaipi ndi miyala ya malire ikuikidwa atsala owerengeka. Uzani anyakwawa anu kuti alandire anawo bwino akabwera ndi makope awo, ndipo mudziwitse nkhalamba kuti si kalembera wa makuponi, chifukwa mukudziwa mmene anthu amachitira akaona munthu wanyamula cholembera.

Makopewo akasonkhana, mphunzitsi wamkulu asunge limodzi mu ofesi, lina lipite kwa gulupu. Kumene kuli kompyuta, wina alembemo. Ku Nguludi kuli yunivesite, ku Magomero kuli koleji yophunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi. Ophunzira a kumeneko amene chaka chilichonse amasowa mutu wa kafukufuku angapeze ntchito yokwanira kungoyambira pa makope a sukulu imodzi. Koma kufunsako kuchitike tsopano, chimanga chisanalowe m'matumba. Chikangothiridwa mankhwala n'kusokedwa, mphasa zija apinda, anyamata apita kukaumba njerwa, amayi atsikira kudimba, ndipo chiperoni chikayamba mu Juni agogo salola kukhala panja dzuwa litapendeka.